Maseche a Atate Pamwamba pa Mzere

Nyimbo zimene ndinawaikira atate pa fulashi zinali zoduladula, ngakhale dzina la fayilo iliyonse linkathera ndi FLAC, mtundu umene sutaya kalikonse ka mawu a pa chimbale.

Oyamba kukayikira anali atate omwewo. Iwo ankaimba maseche m'kwaya ya ku Chilenje, ndipo kwayayo inajambula chimbale chimodzi chokha. Chathu chinasweka posamuka. Nyimbozo ndinazipeza pa kashopu ka mumsika wa Kabwata, kwa bambo woikira anthu nyimbo m'mafoni.

Atate anamvetsera ziwiri, n'kutsitsa wailesi.

"Maseche anga ali kuti? Izi zikumveka ngati munthu akusesa pabwalo." Kenako anadzigwira khutu. "Kapena ndi makutu angawa, mwanawe. Atha."

Mlungu wonse sanaikhudzenso fulashiyo. Anasiya ngakhale kung'ung'udza posita malaya.

Kunyuzipepala kumene ndimagwira ntchito anatiphunzitsa kusakhulupirira chikalata chifukwa cha mutu wake. Ndinatsegula fayilo imodzi m'pulogalamu yoonetsa mawu ngati chithunzi: besi pansi, mawu opyapyala pamwamba. Nyimbo yochokeradi pa chimbale kawirikawiri imakwera mpaka pafupi ndi makilohezi 22. Iyi inathera pa 16, pamzere wowongoka ngati wolembedwa ndi rula, pamwamba pake mdima wokhawokha. Umo ndi mmene imaonekera MP3, fayilo yofinyidwa potaya mawu ena.

Ndinabwerera ku Kabwata. Bambo uja sanakane, anachita kunyadira.

"Ma MP3 yonse nimayachinja kunkhala FLAC, ba sisi. Fayilo ikakula, saundi ikwela!"

Sankadziwa kuti chotayidwa sichibwerera, fayilo imangonenepa.

Ndinawaonetsa atate chithunzicho. Kunena zoona, ndikukayika ngati makutu a msinkhu wawo amafika pamwamba pa mzerewo. Koma kufinyako kumasokoneza maseche ngakhale pansi pake, ndipo zimenezo anazimva. Anavala magalasi, n'kuika chala pamdima paja.

"Ndiye ine ndili umu?"

"Muli momwemo, atate."

"Ndimadziwa ine! Makutu awa? Inu ndi amene muli ogontha, nonse."

Tsiku lomwelo anaimbira foni mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Chelstone, amene ankatsogolera kwayayo. Chimbale akadali nacho, koma sichituluka m'nyumba mwake. Loweruka tikwera minibasi ndi kompyuta yanga kuti tikakopere iye akuona. Atate akuti tikayambire nyimbo yachitatu, momwe maseche amalowa okha.