Bokosi la a Fyuzi

Achimwene anga anthu amawatcha a Fyuzi. Ndi katswiri wa zamagetsi, zaka makumi atatu akukwawa m'madenga a anthu, koma dzinalo silinachokere ku luso lawo ayi. Linachokera ku mtima wawo wapachala, woti ukangowakhudza pang'ono aphulika. Iwo amayesa ndi dzina laulemu, mpaka amavomera akaitanidwa. Ine ndine mlongo wawo, ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yawo, ndipo ndinawakwiyira. Uno ndi mwezi wachitatu mkwiyowo usanatsike.

Zabwino zawo ndinene, ndingaoneke wosayamika. Makolo athu atamwalira anandilera ndi iwowa. Mowa samwa, ntchito yawo sabwereza, ndipo nyumba imene alumikiza mawaya siinapsepo. Vuto lawo ndi loko. Kabati ya shuga ili ndi loko, mpopi wa panja uli ndi loko, chikwama cha zida chili ndi maloko awiri. Makiyi onse amapachika palamba, moti umayamba wamva kulira kwake iwo asanatulukire pakona. Chikhulupiriro chawo n'chakuti munthu amanama koma makina sanama.

Mwana ali naye mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mayi ake anatisiya iye ali wamng'ono, ndiye chifukwa chake ndinasamukira pano. Bambo ake anamupatsa dzina loti Kadzidzi poti sagona usiku, ndipo pamenepo sananame. Mwanayo nzeru ali nazo zoopsa, masamu amachita ngati akumwa madzi, koma intaneti inamulowa m'magazi. Ndikadzuka kupita kuchimbudzi ndinkapeza kuwala pansi pa chitseko chake, iye akuseka yekha ngati wozungulira mutu. Tsiku lina aphunzitsi ake anaimba foni kuti mwana wagona m'kalasi mpaka dovu kunyowetsa kope.

Fyuzi inapsa tsiku lomwelo. Anachotsa simu mufoni ya mwanayo n'kuidula pakati ndi pulayala. Loweruka lake sanapite kuntchito. Anabwera ndi bokosi lachitsulo, lija amaikamo maswichi akuluakulu a m'mafakitale, n'kulikhomera kukhoma la pabalaza ndi mabawuti anayi. M'katimo anaikamo rauta, kabokosi kaja kamatipatsa intaneti, soketi yake, ndi tayima imene anaichotsa pa giza, thanki yotenthetsa madzi osamba, ya kasitomala wina. Tayimayo ndi kawotchi kozungulira kokhala ndi mano m'mbali. Ukakanikiza mano a maola ena, pa maola amenewo kamadula magetsi. Anakanikiza kuyambira naini koloko usiku mpaka sikisi m'mawa, anatulutsira tinyanga ta rauta pa mabowo awiri, n'kutseka ndi loko wamkulu ngati chibakera.

"Adadi, ndiye mwandimanga ngati wakuba?" anatero Kadzidzi.

"Ndamanga rauta, iwe sindinakumange. Ukufuna ndikumange?"

"Nanga ndikakhala ndi ntchito ya kusukulu?"

"Ntchito ya kusukulu imene imaseka thuu koloko usiku ndi iti? Ine ndinaphunzira ndi kandulo."

"N'chifukwa chake mumakwawa m'madenga."

Ndinaganiza kuti lero kugwa mtembo. Koma achimwene anangofwenthera n'kutuluka, ndipo ndinawaona akubisa kuseka. Awiriwa ankakangana choncho tsiku lililonse, ndipo ndi mmene ankakonderana.

Masabata oyamba zinayenda. Naini ikakwana timagetsi ta rauta tinkazima, mwana ankamenyetsa chitseko, m'mawa ankadzuka maso ali oyera. Achimwene ankayenda chifuwa chili patsogolo, akuuza aliyense pamsewu kuti ana a masiku ano mankhwala ake ndi tayima.

Apa ndiye pali chimene chimandiwawa. Tayima yamtundu umenewu ilibe batire. Imayenda ndi magetsi omwewo, ndiye magetsi akazima nayo imaima, akayaka imapitiriza pamene inalekera, osadziwa kuti dziko lapita patsogolo. Kuno magetsi amazima ngati akuphethira. Zimenezi achimwene amazidziwa kuposa munthu aliyense mumzinda muno. Ndawamvapo ndi makutu angawa akukalipira makasitomala kuti, "Magetsi akazima muzikonza nthawi pa tayima, kodi mitu yanuyi ndi yongometa?" Koma yawoyawo anaitsekera m'bokosi osaisuzumiranso. Amagona eyiti koloko, amachoka faifi m'mawa, ndiye sankaona kanthu.

Kadzidzi anaona. Intaneti inayamba kuzima hafu pasiti naini, kenako teni, kenako leveni, m'mawa n'kumabwera eyiti. Anangoti phee, poti zinkamukomera. Inenso ndinaona kuwala kuja kwabwerera pansi pa chitseko, koma ndinati zisandikhudze, ndatopa kukhala wapolisi m'nyumba ya eni. Mlandu wanga ndi umenewo, ndipo sindiukana.

Ndiye kunabwera kalata. Sukulu ina yaikulu ya zasayansi inkafuna atsikana khumi oti akaphunzire ulere, chakudya ndi pogona zonse zawo. Mwa mazana amene analemba mayeso, Kadzidzi anatsala m'gulu lomaliza. Chotsala chinali intavyu ya pa vidiyo, Lachinayi teni koloko m'mawa, mphindi makumi awiri basi. Kalatayo inanena poyera kuti wochedwa sadzapatsidwa tsiku lina. Achimwene anaiwerenga kanayi, anamugulira bulauzi yoyera, ine ndinaibweza m'chiuno.

Lachitatu madzulo ndinawapempha.

"Achimwene, mawa mundisiyire kiyi wa bokosi lija."

"Wa chiyani?"

"Mwina chinachake chingavute."

"Chivute n'chiyani? Intavyu ndi teni. Makina amayatsa sikisi. Werenga wekha."

"Tsiku limodzi lokha, achimwene."

"Lamulo likayamba kupita kutchuthi si lamulonso. Iwe soka madiresi, za magetsi usiyire eni ake."

Pamenepo Kadzidzi anali chikhalire patebulo, akudziwa kuti makinawo ayatsa eyiti osati sikisi. Anawerenga mumtima kuti eyiti ndi teni patalikirana, n'kutseka pakamwa kuopa kuulula chinsinsi chake. Usiku umenewo, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anagona msanga kuti adzuke ndi mutu wabwino. Tonse tili m'tulo magetsi anazima maola anayi, ndipo palibe anadziwa.

M'mawa mwake eyiti inakwana, rauta ili zii. Mwana anati tidikire, mwina hafu pasiti. Naini inakwana. Anatuluka kuchipinda atavala bulauzi ija, laputopu ili m'manja.

"Anti, sikuyaka."

Ndipo anandiuza zonse. Ndinaimbira achimwene kasanu ndi kawiri. Foni yawo akakhala pantchito imakhala m'chikwama, chikwamacho chili chokhoma, eni ake ali kudenga. Yanga ndi ya mabatani yopanda intaneti, ya mwana simu inadulidwa. Ndinathamanga kugogoda kwa aneba kuti atibwereke intaneti yawo. Kwina kunali galu yekha, kwina wantchito amene sadziwa nambala yachinsinsi ya intaneti ya mabwana ake. Ndinabwerera kwatsala mphindi makumi awiri, n'kuyamba kulimbana ndi bokosi.

Munthu akadziwa ntchito yake nthawi zina ndi tsoka. Bokosi la mmisiri wachabechabe ndikanalitsegula ndi supuni. Ili ndinalowetsa sizasi yanga yaikulu, inathyoka. Hamala ili m'chikwama chokhoma chija. Ndinatenga mwala wotsekera geti n'kumamenya loko, ndikutukwana mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa, chala chikutuluka magazi. Mwana anaima kumbuyo kwanga akuwerenga mphindi mokweza mpaka ndinamukalipira kuti akhale chete. Loko sanagonje. Chinagonja ndi khoma, bokosi lonse linazuka ndi mabawuti ake, ndipo tinalowera kumbuyo kwake kumene kunali kosatseka. Tinazula tayima, tinalowetsa rauta pa soketi ina, n'kudikira timagetsi take tiyake kamodzikamodzi mosafulumira ngati tikuchita dala.

Pamene laputopu inalumikiza inali mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kupitirira teni. Panatuluka mzere umodzi wonena kuti msonkhano watha. Kadzidzi anakonza kolala ya bulauzi yake, anakhala akuyang'ana mzerewo, kenako anatseka laputopu pang'onopang'ono. Kulira sanalire, ndipo ndikanakonda akanalira.

Achimwene anafika faifi madzulo. Ataona dzenje pakhoma anayamba kukuwa chikwama asanatule.

"Ndani wachita zimenezi? Ndani wandigumulira nyumba?"

"Ndine," ndinatero. "Tolani chidole chanucho muone nthawi imene chikunena."

Anatola tayima ija pansi. Muvi wake unaima pamene tinaizulira, pa folo koloko ya m'bandakucha. Anaiyang'ana, anayang'ana wotchi ya pamkono, ndipo ndinaona milomo yawo ikuwerenga maola. Munthu wina akanafuna kumufotokozera, koma iwo anamvetsa zonse pa kuyang'ana kumodzi. Ndinawalalatira mpaka mawu anandithera. Ndinawauza kuti ndinapempha kiyi ngati wopemphetsa pamsika, kuti amakhulupirira kachitsulo kuposa mlongo wawo amene anawalerera mwana. Kwa nthawi yoyamba a Fyuzi sanaphulike, anangokhala pampando tayima ili pamiyendo.

Usiku womwewo analemba kalata kusukulu ija, masamba atatu, pamanja. Anafotokoza mmene tayima imagwirira ntchito, anajambula ndi chithunzi chake chokhala ndi mivi, n'kumaliza ndi kunena kuti wolakwa ndi iwo, mwana asalangidwe. Yankho linabwera patatha sabata, mizere iwiri. Anathokoza chifukwa cha kalatayo, ndipo anati malo onse khumi anadzaza.

Dzenje lija analimata bwinobwino moti sungalione. Rauta tsopano ili pashelefu poyera, imayaka usana ndi usiku. Koma Kadzidzi sakangananso nawo. Anasiya kunena kuti adadi, amati bambo, ndipo chilichonse amayankha mwaulemu ngati mlendo. Ine ndimamukwiyira nayenso, ndinamuuza kuti akanatsegula pakamwa Lachitatu lija bwenzi pano tikunena zina. Anandiyankha kuti akudziwa.

Dzulo tikudya, achimwene anayesa. Anakhosomola kaye, anasuntha mbale, kenako anati, "Intaneti ija ili chiyakire usiku wonse. Ngati uli ndi zowerenga, kapena zoseka zako zija, usaope."

Mwanayo anamaliza kutafuna, anaika supuni pansi.

"Zikomo bambo. Koma muzizimitsa pogona. Palibe amene akuigwiritsa ntchito."

Anatola mbale yake ndi ya bambo ake n'kupita nazo kukhitchini.