Makapu Atatu a Ba Felistus

Ku Kanyama, pamphambano pomwe maminibasi amatembenukira, panalibe munthu wosadziwa munkoyo wa Ba Felistus Miti, chakumwa cha chimanga chonga thobwa. Anachoka ku Katete ali mtsikana, kutsatira mwamuna wawo amene ankagwira ntchito pafakitale ya mabulangete. Fakitale itayamba kuchotsa anthu, bamboyo anakhala pakhomo chaka chathunthu, kenako anadwala n'kumwalira. Maliro atatha, Ba Felistus anagula dilamu ndi makapu atatu apulasitiki, n'kuyamba kuphika munkoyo.

Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wotha kulemba dzina lawo lokha. Koma komboni yonse inali m'mutu mwawo. Ankadziwa amene amamwa ataimirira pomwepo, amene amabwera ndi botolo kukamwera kunyumba, ndi amene amadandaula tsiku lililonse kuti shuga wachepa.

"Shuga masiku ano ni wa mabwana," ankayankha. "Ngati ufuna vozuna, kakwatire mwana wa minisita."

Mvula ya 1991 inabwera ndi kolera. Zimbudzi zinasefukira, mpopi wa pamsika unafa osakonzedwa, ndipo anthu anayamba kutunga m'zitsime zosaya za kuseri kwa nyumba. M'sabata ziwiri, anthu asanu ndi anayi a kufupi ndi mphambano anatengedwa pawilibala kupita kumatenti a odwala. Ba Edmond, kalipentala, sanabwereko.

Ndipamene anatulukira Wilbroad, wophunzira zaumoyo amene aphunzitsi ake anamutuma ndi mapepala a mafunso. Masiku atatu anapondaponda matope khomo ndi khomo: wadwala ndani, anayamba liti, mumatunga kuti madzi akumwa. Tsiku lachinayi masana anadzagwera pabenchi la Ba Felistus, buluku lili matope mpaka m'mawondo.

"Wapeza chani, dokota wa mapepala?"

"Palibe, amayi. Ena amawiritsa madzi koma adwala. Ena amamwa a pachitsime koma ali bwino. Ine nifuna chinthu chimodzi chamene odwala bonse anagwirako, chamene osadwala sanagwire."

"Werenga maina nimve."

Wilbroad anawerenga. Lemmy kondakitala. Moven wa wilibala. Ba Edmond. Dzina lililonse Ba Felistus ankalidziwa, chifukwa onsewo anali anthu awo a tsiku ndi tsiku. Anadzitonthoza mumtima: nanga Ba Hilda a nyumba yachitatu, si amagula m'mawa uliwonse, ana asanu ndi mmodzi onse ali njo? Koma Ba Hilda amabwera ndi botolo lawo. Aphunzitsi ena a ku Chibolya, nawonso botolo. Anawayendera m'maganizo mmodzimmodzi. A mabotolo onse anali amoyo ndi amphamvu. Asanu ndi anayi aja onse ankamwera pomwepo.

Maso awo anatsikira pandowa yomwe ankaviikamo makapu munthu akatha kumwa. Chifereni mpopi, madzi a m'ndowamo ankachokera pachitsime cha kuseri, mapazi khumi kuchoka pachimbudzi. Madzi a munkoyo ankawira pamoto. Otsukira makapu sanawaganizirepo n'kamodzi komwe.

Pamapepala a mnyamatayo panalibe funso la munkoyo. Ba Felistus akanangokhala chete, mnyamatayo akanapita ndi matope ake, dzina lawo n'kutsala loyera. Dilamu ija ndiyo inkadyetsa ana awo anayi. Ali m'maganizo momwemo, Wilbroad anatola kapu m'ndowa, kuikutumula, n'kuitambasulira kudilamu.

"Nithirireniko, amayi, pakhosi pauma."

Ba Felistus anamulanda kapuyo mwamphamvu mpaka inagwera m'matope.

"Usamwe, mwana wanga. Tenga bolopeni yako, ulembe vamene nizakuuza."

Anamufotokozera zonse, a makapu kumbali, a mabotolo kumbali, osasiya ndi mmodzi yemwe. Wilbroad analemba zonse. Atamaliza anafunsa ngati abise dzina lawo.

"Ubise kwa ndani? Mu Kanyama muli Felistus angati ogulitsa munkoyo?"

Chitsime chinakwiriridwa sabata yomweyo. Mbiri inathamanga kuposa minibasi, ndipo ana a sukulu ankadutsa akukuwa kuti munkoyo wa kolera. Ba Felistus anapita okha kwa mkazi wa malemu Edmond, nakhala pansi pakhomo, nanena zimene zinachitika. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto. Kuyambira tsikulo ankadzera njira ina popita kumsika, ndipo Ba Felistus sanamuimbe mlandu.

Sabata zitatu dilamu inkabwerera kunyumba yodzaza, ana akumwa munkoyo m'malo mwa chakudya chamadzulo. Ba Hilda okha ndiwo sanaphonye tsiku. Komabe m'mawa uliwonse Ba Felistus ankakoleza mbaula pambali pa benchi, poto wa madzi akubwadamuka, makapu ali momwemo, ngakhale malasha anali atakwera mtengo.

Woyamba kubwerera anali Lemmy, ataonda ngati bango. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana potoyo, anzake a pasiteshoni akumuonera patali.

"Ba Felistus, munafuna kunipaya."

"Ningakupaye bwanji iwe, wamene unapulumuka kumatenti?"

Anavuula kapu ndi mphanda ya waya n'kumuthirira. Lemmy anailandira n'kudumpha, akuisinthasintha m'manja.

"Yatentha iyi!"

"Uzira. Ukatsiriza uitane aja anzako, aleke kunipenya monga mfiti."