Kabuku ka Sikelo M'phukusi la Makasitomala

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu wanga, poti ena a mu ofesi ija sanavomerepo wawo mpaka lero. Foda ija ndinaiikamo ndine, ndi manja angawa. Palibe amene anandituma.

Ndinali nditangolembedwa ntchito pa kampani ina yaing'ono m'tauni ya Blantyre, zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya nsapato. Anandipatsa miyezi itatu yondiyesa. Mwana wanga anali ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamusiya kwa mayi wina woyandikana naye nyumba ku Kanjedza, ine n'kuthamangira minibasi mabere akuwawa. Apongozi anga a ku Soche anali atanena kale mawu awo, ine ndili pomwepo: "Ntchito sitikukukanizani. Koma tsiku limene mdzukulu wanga adzayambe kuonda, ntchitoyo yathera pomwepo." Bambo a mwana anangoyang'ana pansi, monga amachitira mayi awo akamalankhula.

Ndiye mwanayo anayambadi kuonda. Kudwala ayi, sankadwala. Ankaseka, ankagwira chilichonse n'kuika kukamwa. Koma ku sikelo, maulendo awiri otsatizana, kamzere ka m'kabuku kake, kamene kamayenera kukwera, kanangogona, kenako kanaweramira pansi. Namwino anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti masana amayamwa kangati. Ndinanama. Kabukuko ndinakabisa pansi pa chikwama changa, ndipo kunyumba ndinanena kuti zonse zili bwino.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kujambula chilichonse. Masamba a kabuku. Mbale ya phala asanadye ndi atadya. Matewera, inde, matewera, kuti namwino akadzafunsa mtundu wake ndisadzachite kuganizira. Koma foni yanga inali yosweka galasi, yozima yokha ikafuna, ndipo inali itandidyerapo kale zithunzi za mwezi wake woyamba. Ndiye nditamva kuti foda ya pulogalamu yathu imakopedwa yokha kupita ku seva, kompyuta yaikulu yosungira zinthu za kampani, tsiku lililonse poweruka, ndinati basi, nkhokwe yanga ndi imeneyi. Ndinatsegula kafoda mkati mwake, pansi penipeni, n'kukatcha "mwana".

Kampaniyo inkapanga pulogalamu yogulitsira katundu m'mashopu a holoselo, ambiri a ku Limbe. Olemba pulogalamuyo anali amuna atatu a madigiri. Ine wa satifiketi ntchito yanga inali kumanga phukusi. Foda ya pulogalamu imakhala ndi mafayilo ambirimbiri, ndipo si onse oyenera kupita kwa kasitomala. Ena ndi ongoyeserera, ena ndi zinyalala chabe. Ndiye pamakhala kafayilo kamodzi ka mindandanda iwiri: zolowa m'phukusi, ndi zotsala. Simuchita kulemba dzina lililonse. Mumagwiritsa ntchito kanyenyezi, komwe kaja timadina pa foni pogula mayunitsi. Kanyenyezi kamaimira chilichonse. Mukalemba *.png pa zolowa, zithunzi zonse za mtundu umenewo zalowa. Mukalemba *.log pa zotsala, mafayilo onse a mtundu umenewo atsala. Kenako mumadina batani, kompyuta imasonkhanitsa zosankhidwazo n'kuzimanga kukhala fayilo imodzi, makasitomala n'kuikoka pa intaneti.

Mindandandayo sindinalembe ine, ndipo sankandilola kuikhudza. Analemba mkulu wa gulu lathu, wachiwiri kwa abwana eni kampani, amene tonse tinkangomuti Akulu. Bambo wa ndevu zodula mwaluso, wa makiyi a galimoto oika pa desiki kuti aliyense wodutsa awaone. Pa zolowa, munthu wa digiri ameneyu analemba mzere umodzi wokha: **/*. Tinyenyezi titatu basi. Kutanthauza kuti chilichonse, mu foda iliyonse, mpaka zokanirira pansi pa mphika. Pa zotsala panali mizere iwiri ya zinthu zimene anakumbukira tsiku limene ankalembalo.

Sabata yanga yoyamba ndinafunsa. "Akulu, kodi sizingakhale bwino kutchula zokhazo zimene tikufuna, m'malo mokokolola zonse?"

"Mayi Satifiketi," anatero osatembenuka n'komwe, "inu dinani batani. Zoganiza tisiyireni ife."

Anzake awiri aja anaseka, kuseka kwa anthu amene funsolo sanalimve n'komwe.

Apa ndiye pali manyazi anga. Ndinkadziwa chimene tinyenyezi titatu timachita. Ndine ndinafunsa! Koma mayi amene mwana wake akuonda, m'mutu mwake mumakhala nkhani imodzi yokha. Poika foda ija ndinkaganiza za seva. Za phukusi sizinandibwerere olo pang'ono. Lachisanu lina ndinadina batani monga mwa masiku onse, phukusi latsopano n'kupita ku mashopu asanu.

Lolemba m'mawa foni ya mu ofesi inalira. Anali mayi mwini holoselo ya zitsulo ku Limbe, akudandaula kuti phukusi la ulendo uno latenga ola lathunthu kukoka, lawathera ndi bandulo yomwe. Akulu anawauza mokoma kuti ndi netiweki ya ku Limbe imeneyo. Ataika foni anauza anzake kuti, "Makasitomala awa, aise, amafuna intaneti iziuluka ngati ndege."

Ndinatsegula phukusi lija mwakachetechete kuti ndione zamkati. Linali litatupa ngati chimanga chonyowa. Ndinatsika ndi mndandanda, kutsika, kutsika, ndipo pansi pake ndi uyo mwana wanga. Kabuku ka sikelo tsamba ndi tsamba, dzina lake, dzina langa, kamzere koweramira pansi. Matewera ake ali pa makompyuta asanu a mu Limbe.

Ndipo pa kauntala ya imodzi mwa mashopuwo, holoselo ya zakudya ndi sopo, pamakhala alamu anga, achemwali a bambo a mwana, amene amagona nyumba imodzi ndi apongozi ku Soche.

Ndikanalira pomwepo. Chinandiletsa ndi zimene ndinaona pamwamba pa foda yanga. Kanyenyezi sikaona nkhope. Kanatenga makalata atatu a Akulu ofunsira ntchito ku makampani ena, imodzi ikunena kuti pamene ali pano wodziwa ntchito ndi iwo okha. Kanatenga zithunzi za mmodzi wa oseka aja atakumbatira mkazi amene si uja ali mu felemu pa desiki pake. Kanatenga ndi fayilo ya mawu achinsinsi olowera pa seva, imene akatswiri athuwa anaipatsa dzina loti "mapasiwedi", kuti wakuba asavutike kufunafuna. Zinthu zimenezi zinali zikuyenda m'maphukusi kuyambira ine ndisanabwere. Zinali zopepuka, choncho palibe anazindikira. Zanga zinangolemera kuposa zawo.

Ndinasindikiza mndandanda wonse, mapepala anayi, n'kukawaika pa desiki pa Akulu, pafupi ndi makiyi aja.

"N'chiyani ichi?"

"Zimene tatumiza Lachisanu."

Anayamba kuona foda yanga, poti ndinali nditaizunguliza ndekha ndi cholembera. Nkhope yawo inawala ngati alandira mphatso. "Mayi Satifiketi! Mwasandutsa ntchito ya kampani kukhala alubamu ya khanda? Abwana akamva izi, miyezi itatu ija yathera pompano."

"Werenganinso tsamba lachiwiri, Akulu. Abwana tikawapatse onse anayi."

Anawerenga. Ndinaona chala chawo chikuima pa makalata aja. Ananyamula makiyi, n'kuwabwezeretsa pomwepo. Anatsokomola.

"Izi ndi za mkati mwa gulu. Palibe chifukwa chovutitsira abwana."

"Ndiye mundilole ndikonze mndandanda."

"Ingoonjezerani pa zotsala."

"Ndionjezere chiyani? Zimene takumbukira lero? Mawa wina aikamo zina, zipitanso."

Anatembenukira ku kompyuta yawo, ndipo mu ofesi ija kumeneko ndiko kunali kulola kwa Akulu. Ndinafufuta tinyenyezi titatu tija. M'malo mwake ndinalemba mizere isanu: foda ya pulogalamu yeniyeniyo, foda ya zithunzi za mabatani, foda ya malisiti, ndi mafayilo ena awiri otchula ndi maina awo. Kanyenyezi ndinakasiya mkati mwa mafoda atatuwo mokha. Chimene sichinatchulidwe, sichilowa. Nkhomaliro isanakwane ndinali nditamaliza. Munthu wa digiri akanatha kuchita zimenezi kalekale, akudikira tiyi kuti azizire.

Koma phukusi latsopano silichotsa zakale. Limangoika zake pamwamba. Zimene zinafika kale pa makompyuta aja zinafunika kukazifufuta ndi dzanja. Akulu, amene sanapondepo mu shopu ya kasitomala chiyambire, mwadzidzidzi anaona kuti ndi bwino ndipite tsiku lomwelo, ati kukayendera makasitomala athu okondedwa. Anandilembera pa kapepala maina a mafayilo awo kuti ndisaiwale, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri.

Minibasi inakwawa pa Chichiri ngati ikudziwa kuti ndikufulumira. Kondakitala ankaitanira anthu oti sakupita kulikonse, ine ndikupemphera pemphero lopanda ulemu, loti kompyuta ya alamu ikhale itapsa. Mashopu anayi ndinamaliza popanda vuto. Palibe amene anali atatsegula kalikonse. Ya alamu ndinaisiya komaliza.

Ndinawapeza akulozera kasitomala makatoni a sopo. Atamaliza anandiyang'ana osadabwa.

"Alamu, mwabwera kudzatenga matewera anu?"

Akuti Loweruka ankafuna kuika chithunzi cha mafuta ophikira atsopano mu pulogalamu, ndipo atadina posankhira chithunzi, kompyuta inawatsegulira mafoda onse.

"Ndimati mwina ndi katundu watsopano," anatero. "Kutsegula, ndi mwana wa achimwene. Ndiye ku koleji kuja anakuphunzitsani kubisa zinthu mu kompyuta ya eni ake?"

"Mwawauza amayi?"

"Ndikanawauza bwenzi muli pano? Bwenzi muli ku Kanjedza mukutakasa phala." Anatsitsa mawu. "Kamzere kaja ndakaona. Sindine namwino, koma kutsika ndimakudziwa. Lamulungu tikatuluka mu tchalitchi mukawauze nokha. Mukapanda kutero ndiwauza ine, ndipo mukundidziwa, ine nkhani ndimathira mchere."

Ndinafufuta foda ija iwo ataima kumbuyo kwanga, akupumira m'khosi mwanga. Makalata a Akulu ndinafufutanso, ngakhale dzanja linkakana.

Lamulungu, titamwa tiyi ku Soche, ndinatulutsa kabuku n'kukaika pa tebulo. Ndinanena za sikelo ziwiri zija, ndi zoti ndinanama. Apongozi anavala magalasi awo a Baibulo, n'kutsata kamzereko ndi chala, pang'onopang'ono. Bambo a mwana anapeza chinthu chosangalatsa pansi. Ine ndinali nditakonzeka kumva kuti mawa ndisapite kuntchito.

"Masana amadya chiyani kwa mayi wanuyo?"

Ndinawauza. Anatsonya.

"Phala lamadzi. Mwana wa munthu." Anatseka kabuku. "Ndiye inu munaona kuti kuli bwino kuuza makompyuta a mu Limbe monse kusiyana ndi kuuza ine?"

Za makompyuta sindinali nditanenapo kalikonse. Ndinatembenukira kwa alamu. Anali otanganidwa kwambiri kupukuta kapu youma kale.

"Kuyambira mawa mwanayu azibwera kuno m'mawa," anatero apongozi. "Sikelo ikubwerayi tipita limodzi. Kamzere kakapanda kukwera, ntchito yatha. Kakakwera, tiona."

Kanakwera. Pang'ono, monyinyirika, koma kanakwera. Kuyambira pamenepo ndimakwera maminibasi awiri m'mawa, wa ku Soche kenako wa m'tauni, ndipo pakhomo ndimalandira mawu a tsikulo: kuti chipewa cha mwana n'chopyapyala, kuti ine ndaonda kuposa mwanayo, kuti akazi a masiku ano amayamwitsa makompyuta. Ndimati zikomo amayi, n'kuthamanga. Kujambula matewera ndinasiya. Pali maso okwanira tsopano.

Miyezi itatu itatha, abwana anatiitana tonse. Ananena kuti ndikhala pantchito, mawu awiri atatu, kenako anatembenukira ku nkhani yaikulu: makasitomala akuyamikira kuti phukusi masiku ano likukokeka msanga. Akulu anakonza kolala. Anafotokoza, moleza mtima ngati mphunzitsi, kuti iwo ataganizira mozama anaona kuti nzeru ndi kutchula zokhazo zimene tikufuna, m'malo mokokolola zonse. Oseka awiri aja anagwedeza mitu. Abwana analemba mawuwo mu dayale.

Ine ndinali nditakhala kumapeto kwa tebulo, chikwama pamiyendo. Mapepala anayi aja anali momwemo, pansi penipeni, pamalo pamene ndinkabisa kabuku.