Pang'ono wa Kumudzi

Senderani pafupi ana inu, mafoniwo ayambe agona pampando. Ndikuuzeni za amake mapasa a ku Ballymun, amene anandisungira mdzukulu wanga.

Ine ku Dublin kuno anachita kundiitana ndi mwana wanga wamwamuna, kuti ndidzakhale naye ku Crumlin. Mwana wake wamkazi, mdzukulu wangayo, anakulira m'manja mwanga kumudzi, ndiye timatchulana mkazi mnzanga. Atatenga pakati poyamba ndinati chisamba chichitike, mimba yoyamba siyenda yopanda malangizo. Tinasonkhana amayi mufulati, makatani titatseka.

Pakati pathu panali amake mapasa. Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba. Anabwera kuno ngati othawa kwawo, ndipo mapasawo anabereka akukhala kuhositelo, popanda ndi mmodzi yemwe wowagwira dzanja. Atachira analumbira kuti mkazi wakuda sadzapitanso kuchipatala yekha iwo ali moyo. Anayamba kuima pakhomo la tchalitchi Misa ikatha, kusuzumira mimba za anthu. Zimenezi zinabala gulu la amayi operekezana: a ku Malawi, a ku Zambia, mpaka a ku Nigeria omwe.

Tsono pachisambapo ine ndinalangiza monga anandilangizira amayi anga. Ndinati, "Mkazi mnzanga, tsiku lako likafika usakatichititse manyazi. Mkazi amaluma mano. Akakufunsa, uziti zikuwawa pang'ono."

Amake mapasa anagwada, nawomba m'manja. "Agogo, ndilakwe pang'ono. Kumudzi mukati pang'ono, azamba amayang'ana nkhope n'kudziwa kuti zavuta. Kuno amamva mawu okha. Ukati pang'ono, amalemba pang'ono."

"Inu amake mapasa, mwana ameneyu mukufuna azikakuwa ngati mbuzi?"

"Azikakuwa ndithu, agogo. Mbuzi yolira ndi imene amaimasula."

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Koma mdzukulu wanga anasunga mawu anga, si paja ndinamulera ndine.

Mwezi wake utayandikira, tsiku lina masana ndinamuona atakhala phee, dzanja lili pachipumi. Mapazi anali atatupa, masilipasi osalowa. Ndinamuuza kuti aimbe kuchipatala, ndipo anaimba. Chingerezi sindimva, koma liwu lake linali lofewa ngati akupereka moni kwa apongozi. Atadula anati amuuza kuti poti ndi pang'ono, apume, zikapitirira abwere.

Mulungu si munthu. Nthawi yomweyo belu linalira: amake mapasa, ali m'yunifolomu, chikwama cha therere ndi nsomba zouma za kumsika wa ku Moore Street chili m'manja. Anangomuyang'ana kumaso, chikwama pansi.

"Mwana iwe, mutu ukuwawa?"

"Pang'ono, anti."

"Pang'ono wake uti? Wa kumudzi kapena wa kuno?"

Mtsikana anayang'ana ine. Ine ndinati, "Nena, mkazi mnzanga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Apo misozi inagwa. "Wa kumudzi, anti. Mutu ukung'ambika. M'maso mukuthwanima tinthu ngati ziphaniphani."

Amayi aja sanakhale ndi pansi pomwe. Anaitana takisi, anaimbira bwana wawo kuti lero asawayembekezere, anaimbiranso mwamuna wa mtsikanayo kuntchito. M'galimoto anamuphunzitsa ngati mwana wa katekisimu: unene chakuti, unene chakuti, usaseke, usapepese. Titafika, sanamulankhulire ayi. Anaima kumbuyo kwake, dzanja lili pamsana, mtsikana nanena yekha zonse. Namwino atamupima BP nkhope yake inasintha, anthu anayamba kuthamanga. BP inali itakwera koopsa, ndipo tsiku lomwelo anamuchita opaleshoni, kamwana n'kubadwa kamoyo. Adokotala anauza mwamuna wake kuti akanagona nazo kunyumba, nkhani ikanakhala ina.

Ine ndimayesa zathera pomwepo. Amake mapasa ayi. Anati, "Uyu tamupeza chifukwa cha therere. Nanga amene sitimupititsira therere?" Anayamba kuvutitsa khansala wa dera lawo kuti atipezere malo okumanirapo ndi azamba. Tsiku limene iye amakumana ndi anthu, iwo ali pamzere. Sabata yotsatira ali pamzere pomwepo, amayi awiri oyembekezera ali kumbuyo. Kenako mzere wonse unadzaza zitenje ndi mapulamu okankhiramo ana. Bambo uja anagonja. Anatipezera chipinda muholo ya m'deralo, n'kuthandizanso kuti azamba a kuchipatala abwere adzatimve.

Tsiku la msonkhanowo amake mapasa anandikhazika kutsogolo. Ndinati, "Ine wosadziwa ndi A yemwe?" Iwo anati, "Mwambo ndi wanu, agogo. Inu nenani, ine ndimasulira." Ndinafotokoza mmene timalerera ana aakazi, kuti kwathu kubuula n'kochititsa manyazi, kuti mkazi wathu akati zikuwawa pang'ono uzimufunsa kachiwiri. Mzamba wina wachikulire, wa tsitsi loyera ngati langa, anapukusa mutu nati amayi akenso anali otero. Kenako anayesa kutchula liwu lija, "panono, panono," holo yonse kuseka. Koma amayi ena anaimirira n'kunena zowawa: kuti iwo anakuwa ndithu, koma sanamvedwe. Apo panalibe woseka. Amake mapasa anawasiya anene mpaka atatha.

Mdzukulu wanga ali bwino, wabwerera kuntchito, ndipo masiku ano ndi iye amene amaperekeza anzake. Kamwana kake kaja kakuthamanga, ndikakayankhula Chichewa kamandibwezera Chingerezi. Mzamba wa tsitsi loyera anapuma ntchito, koma amabwerabe kuholo kudzapima amayi BP. Khansala uja akationa zitenje amayamba yekha kutulutsa mipando. Amake mapasa anthu akuwakakamiza kuti adzaime nawo pa chisankho, iwo amangoti ayambe aona mashifiti awo. Ine amandiitanabe ku chisamba, ku Ballymun, ku Crumlin, kulikonse. Malangizo onse ndimapereka monga kale, koma ndikafika pa zowawa ndimati, "Mwanawe, pang'ono umusiye pakhomo la chipatala pamodzi ndi ambulera."