Mbale ya Ngalawa ya Matanga

Kwathu ku Chikweo tinali ndi mbale yoyera, yosalala ngati dzino, yojambulidwa ngalawa ya matanga ndi utoto wabuluu. Inkakhala m'bokosi la amalume anga ndipo palibe ankadyeramo. Inkatuluka pa sadaka pokha, tikamakumbukira akufa athu. Amalume ankaikamo mpunga wodzaza dzanja n'kukaisiya kuseri kwa nkhokwe. Wodutsa pamenepo ankatsitsa mawu.

Mpungawo unali wa mtsikana. Kholo lathu lina linkatsogolera ulendo wa minyanga wopita kunyanja yamchere. Chaka china minyanga inachepa, ndipo linawonjezerapo mtsikana wa pakhomo pomwepo, amene ankalisinjira chimanga. Linabwerako ndi nsalu, mikanda ndi mbaleyi. Amalume anandilembetsa zonsezi m'kope nditangoyamba uphunzitsi. Kopelo ndili nalo, m'thumba limodzi ndi ziphaso za msonkho ndi makalata onse amene ndinalandirapo. Sinditaya pepala ine.

Nditapuma pantchito ndinaionetsa mbaleyo kwa mphunzitsi mnzanga wa ku Balaka, wodziwa mbiri yakale. Anati mbale zotere zinkaumbidwa ku China. Amalonda achingerezi akapita kukagula tiyi kumeneko, ankaziyala pansi penipeni pa ngalawa, kuti madzi akalowa anyowetse mbale, tiyi apulumuke. Mmene inafikira kugombe la kuno iye sankadziwa. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa. Chinthu choyalira tiyi wa azungu, ndicho anasinthanitsa ndi mwana wa munthu.

Chaka chatha maso atayamba kufooka, ndinaipereka kwa mwana wa mlongo wanga, monga mwambo wathu unenera. Ali ndi golosale ku Nkaya. Ndinamukopera nkhani yonse ndi dzanja langa, masamba anayi, ndipo anasaina kuti walandira ndi kuti adzasunga mwambo wa mpunga.

Mlongo wangayo anamwalira mvula itangoyamba. Pa sadaka yake ndinapeza mbale ili m'kabati yagalasi, pakati pa makapu ndi chithunzi cha ukwati. Mpunga unaphikidwa wambiri, anthu anadya, koma kabati sinatsegulidwe. Ndinaitanira mwana wake uja kuseri n'kumuonetsa pomwe anasaina. Sanakane. Anandiyankha mwaulemu kuti ashehe anawaphunzitsa kuti wakufa sadya mpunga, chimene chimamufika ndi duwa, pemphero lomupempherera. Ndinamuuza kuti mibadwo inayi yakhala ikupepesa ndi mbale imeneyo, ndipo iye sangathetse zimenezo ndi kiyi wa kabati.

"Iyayi amalume, mtsikanayo sindikumutaya," anatero. "Tiuzeni dzina lake, ashehe alitchule pamodzi ndi la amayi."

Ndinabwerera kubwalo ndilibe dzina loti ndipereke. Ashehe anadikira pamkeka, anthu atatambasula kale manja. Kenako anapemphera, natchula mlongo wanga, amayi athu, amalume, ngakhale kholo lija.

Ndinakhala masiku atatu ndikufufuza m'thumba, pepala ndi pepala, galasi lokulitsa zilembo lili m'manja. M'kope muli mayina a mitsinje imene kholo lija ndi anthu ake anawoloka. Muli dzina la Mwarabu amene anawalandira kugombe, ndi mtundu wa nsalu zimene anabwera nazo. Iye ndinangomulemba kuti "mtsikana", kasanu ndi kawiri. Amalume sanandiuze, ndipo ine, amene ndimafunsa ngakhale tsiku la pa lisiti, sindinafunse. Onse amene akanadziwa ali kumanda.