Alamu Anga Atanyanyala Kupemphera

Kwathu kuno kwa Chapananga mukafunsa za Estere, anthu amayamba akufunsani kuti, "Uti, wofunda chitenje uja?" Amenewo ndi alamu anga, akazi awo a achimwene a Paison. Dzinali analitengera ku mapempheredwe awo. Chiyambire utsikana, akafuna kuyankhula ndi Mulungu amagwada, kutsinzina, n'kufunda chitenje kumutu ngati nkhuku ya chitopa. Amati maso ndi akuba, ukawasiya otsegula amathawa ndi mtima. Ndipo akayamba satha msanga. Mbuzi zikhoza kulowa m'nyumba, kudya ufa, kutuluka, iwo akadali pa moni.

Ntchito saiopa. Achimwene amatha miyezi ali ku Nchalo kudula nzimbe, ndiye munda, mbuzi ndi ana zonse zimayang'ana iwo. Munthu wodandaulira alibe, n'chifukwa chake chilichonse amakatula kwa Mulungu: mwana akatsokomola, mjigo ukafa, ngakhale ine ndikabwereka khasu osabweza.

Chaka chatha mvula inadula msanga, chimanga n'kupsa chisanamasule. Anatsala ndi mapira okha, kamunda ka kuseri kwa chulu, ndipo chakudya cha banja lonse chinali chomwecho. Mapira akayamba kucha kuno munthu sukhala pakhomo. Umamanga nsanja pakati pa munda, kukoka zingwe mbali zonse, kumangirirako zitini za timiyala, ndiye kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa ntchito n'kugwedeza ndi kukuwa. Mpheta zimabwera ngati utsi. Ukangoyang'ana kumbali, zatera.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, alamu anaona kuti nthawi yawo yakwana. Anagwada pansanja pomwepo n'kufunda chitenje. Ankapempherera mapira omwewo. Pofundukula anapeza ngala za mbali ya kumunsi zili mbee, mpheta zikunyamuka mosafulumira ngati anthu ochokera ku ukwati.

Basi, kupemphera kunathera pomwepo. Sanauze munthu. Ana ndi amene anaulula kuti masiku ano amayi amangosamba m'manja n'kuyamba kudya. Lamulungu sanapite ku tchalitchi. Amayi a Mvano atabwera kudzawaona, anawayankhira ali pamwamba pa nsanja, osatsika.

Koma munthu wozolowera kutula zonse, akasiya zimamudzadza. Alamu anasowa pokhala. Akwere nsanja, atsike, azungulire munda, akwerenso. Zitini ankazigwedeza ngakhale kulibe mbalame. Ana anayamba kuyenda monyang'ama pakhomo. Mbuzi zinatukwanidwa chilichonse pa dzina lake. Thupi linayamba kutha, maso ali psuu, milomo ikungogwedera ngati pali mawu ofuna kutuluka koma mwini wake akuwabweza.

Ine ndinapita kumundako, ndinaima pansi pa nsanja.

"Alamu, ndamva mwayambana ndi Bwana wamkulu."

"Chokani apa, a Gilbert. Mukundiitanira mbalame ndi chipewa chanucho."

"Ndangobwera kudzafunsa ngati mufuna ankhoswe."

Sanaseke. Anakoka chingwe, zitini n'kulira munda wonse.

"Ine ndinatsinzina chifukwa cha Iye," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumupatsa ulemu. Akanalephera kundiyang'anirako munda kanthawi kochepa kameneko?"

"Mwina ankamvetsera inuyo. Pemphero lanu lija limafuna makutu onse awiri."

"Muzisewera ndi zina."

Pamenepo ndinaona kuti zafika pena. Ndinakwera, ndinati, "Bweretsani chingwe ndikugwirireni, inu mufunde mukambe naye."

"Inu? Amene munagona pangolo, ng'ombe n'kukakudzutsirani ku Mozambique?"

"Kunali kukaona abale kumene kuja."

Anandiyang'ana, kenako anandipatsa chingwecho. Anagwada, anafunda. Mawu asanatuluke n'komwe ndinaona diso likusuzumira pampata wa chitenje. Anafundanso. Mpheta zitangolira kumunsi, anadzambatuka, chitenje uko, chingwe n'kundilanda.

"Sizitheka," anatero. "Ndikatsinzina ana agona ndi njala. Ndikapanda kutsinzina ndiye kuti..."

Anangoima, chingwe kumanja, maso ali pa mapira. Ndimati mwina andithamangitsa. Kenako ndinamva ayamba, mawu ake ouma ngati a munthu wopereka moni kwa mnzake amene anakangana naye.

"Atate, ndine Estere. Lero sindigwada, sinditsinzinanso. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndakwiya nanu, ndisakubisireni."

Anagwedeza zitini, anakuwa, mpheta n'kubalalika, iwo n'kupitiriza pomwe analekezera. Anakamba za mbali ya kumunsi ija. Anakamba za mvula, za msana wa achimwene, za mwana wamkulu amene wayamba kujomba kusukulu. Misozi inkatsika koma sanaphethire. Za masiku onse aja zinatuluka mondondozana, ndipo atafika pa dzina langa ndinatsika mwakachetechete. Ndili kumsewu ndinkamvabe zitini ndi mawu awo zikulandizana.

Mapira anakolola, ochepa, koma oti ana n'kufika nawo patali. Tsiku lopuntha ndinawafunsa ngati nkhani inatha.

"Za kumunsi kuja sanandiyankhebe," anatero alamu, akusenza dengu. "Koma tikuyankhulana."