Kabokosi ka Abambo ndi Kanema wa Kwaya

Ndikukumbukira kabokosi kakuda komwe kankakhala pamwamba pa kabati kwathu ku Zingwangwa, kakang'ono ngati chidutswa cha sopo wochapira. Abambo, omwe ankayendetsa thiraki ya katundu, anabwera nako kuchokera ku Joni, n'kukakhazika pa kansalu koluka ngati mlendo wolemekezeka. Akakhala pakhomo ankakapukuta okha ndi mpango wam'thumba. Akamanyamuka ulendo ankatiloza ndi rimoti n'kunena kuti, "Batani lofiira kuyatsa, batani lofiira kuzimitsa. Enawa si anu." Ine ndinali mu Sitandade 5. Chomwe ndinkadziwa n'choti anzathu anali ndi madishi padenga, ife tinalibe, koma mafilimu ankabwerabe pa tivi yathu, makamaka masiku amene foni ya abambo inali ndi bandulo. Kuti ankadutsira kuti, sindinkadziwa, ndipo palibe anandiuzapo.

Amayi ankaimba kwaya kutchalitchi kwathu. Ambiri mwa amayi a m'kwayamo anali a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo akayamba kucheza Chisena chinkathamanga, ine n'kutsalira m'mbuyo. Chaka chimenecho anajambulitsa nyimbo zawo pa kanema kwa nthawi yoyamba. Anachita kusita mayunifomu, kukwera minibasi, kukavina pa kapinga wa nyumba ina yogona alendo ndiponso pa miyala ya m'phiri la Soche. Wojambulayo anawazengereza miyezi yambiri. Atamaliza anawapatsa kafulashi kuti aone kaye asanawapangire zimbale. Apo m'pamene amayi anaimirira pamsonkhano wa kwaya n'kulengeza kuti onse abwere kwathu Lamulungu masana, poti kwathu kuli kabokosi koonetsa chilichonse.

Lachisanu amayi anati tiyese kaye. Tinalowetsa fulashi ija. Pa tivi panabwera kamkombero kozungulirazungulira, kenako mawu a Chingerezi. Ndinawawerenga mokweza, n'kumasulira momwe ndinathera: kabokosi kakuti sikakuudziwa mtundu wa kanemayu.

"Sikakuudziwa bwanji?" anafunsa amayi. "Mafilimu omenyana kamawadziwa, nyimbo za Mulungu ayi?"

Anaisolola fulashiyo, kuiuzira, kuipukuta pa chitenje, kuibwezeramo. Mawu omwewo. Anaiuziranso mwamphamvu ngati akukoleza mbaula. Mawu omwewo.

Achemwali Jusitina, woyamba kubadwa m'banja mwathu, ankaphunzira zamakompyuta pa kakoleji kena m'tauni. Atafika madzulo anayang'ana pa tivi kamodzi n'kunena kuti vuto si fulashi, koma sisitimu ya m'kabokosimo, yomwe anati ndi yachibwana. Mawa abwera ndi ina.

"Bokosi lina?" anatero amayi.

"Ayi, bokosi lomweli. Zam'kati ndiye zina."

Amayi anayang'ana kabokosiko. Abambo anali ku Beira, ndipo tinkawayembekeza Lachiwiri. Ndinawaona amayi akuyeza zinthu ziwiri m'mutu mwawo, ndipo manyazi a Lamulungu anali pafupi kuposa mkwiyo wa Lachiwiri. "Bola usakaphe," anatero pomaliza.

Loweruka m'mawa achemwali anapita kukoleji kwawo n'kubwerako ndi memori khadi yaing'ono ngati chikhadabo. Ndinawafunsa kuti zam'kati mwa bokosi lonse zikwana bwanji m'kanthu kameneko. Anayesa kundifotokozera. Anati ndiyerekeze nyumba ya lendi: alendi akale atuluka, alowa atsopano, koma nyumba ndi yomweyo.

"Ndiye akalewo apita kuti?"

"Sapita kulikonse. Agona kuchipinda. Tikachotsa khadiyi adzuka."

"Alendi awiri nyumba imodzi? Sakangana?"

"Filo, usandisokoneze."

Koma wosokonezeka ndinali ine, ndipo zinangowonjezeka atanditembenuzira kabokosiko n'kundionetsa kabowo kakang'ono kumbuyo kwake. Anati m'kati mwa kabowoko muli batani lobisika, ndipo munthu ayenera kulikanikiza pamene wina akulowetsa waya wamagetsi, kuti kabokosi kadzukire pa khadi osati pa zakale zija. Ndinasuzumiramo, osaona batani lililonse, mdima wokhawokha. Tinayamba ndi kamtengo ka machesi, koma kanachepa. Tinathyola kamtengo ka tsache, ndipo kanapindika n'kuthyokera momwemo. Amayi anagwira m'mutu. Achemwali anakatokosa ndi phini, lilime lili panja, mpaka kachidutswako kanatuluka. Kenako anandituma pa chiwaya cha pamsewu kuti ndikapemphe kamtengo kobayira tchipisi. Ndinakatsuka, koma kanapitirizabe kununkhira mafuta ndi tsabola.

Ndinagwada pa simenti, tsaya langa litagunda kabati, fumbi ndi fungo la pulasitiki wofunda zikundilowa m'mphuno. Ndinalowetsa kamtengoko pang'onopang'ono mpaka ndinamva kanthu kakuti khe, osati m'khutu koma m'chala. Achemwali analowetsa waya. "Usasiye! Usasiye!" Thukuta linkatsika m'khosi. Pa tivi panabwera chithunzi chathu chakale chija, ngati palibe chachitika. Amayi anapuma mwamphamvu kuti kabokosi sikanafe. Achemwali anamenya ntchafu kuti zakanika. Ine sindinadziwe kuti ndikondwe ndi amayi kapena ndikhumudwe ndi achemwali.

Zinapezeka kuti pa khadipo panali timafailo tambirimbiri ta mayina ofanana, ndipo kamodzi kokha ndi komwe kankagwirizana ndi mtundu wa kabokosi kathu. Koma kathuko kanalibe dzina. Pansi pake panali kapepala ka zilembo za Chitchaina basi. Ndiye panangotsala kuyesa kamodzikamodzi. Kompyuta kunyumba tinalibe, choncho tinkatsika kumsika kwa achimwene ena oika nyimbo m'mafoni, achemwali n'kusintha failo pa kompyuta yawo, ife n'kukweranso mtunda, ine kugwada, khe, osatheka, kutsikanso. Dzuwa la Okutobala linkawotcha mapazi kudzera m'masilipasi. Amayi ogulitsa tomato pakona anayamba kutifunsa ngati kwathu kuli matenda.

Ulendo wina, nditakanikiza mpaka chala kuchita dzanzi, tivi inada bii. Kenako timawu toyera tinayamba kukwera m'mwamba mothamanga, mizeremizere, ngati linthumbu likusamuka. Amayi anachita chizindikiro cha mtanda. Achemwali ananong'ona kuti, "Siya tsopano." Patapita kanthawi panabwera chithunzi chabuluu chomwe tinali tisanachionepo, chokhala ndi tizithunzi tachilendo m'mbali. Achemwali analumpha. Anatola rimoti, kudina, osayenda. Kudinanso, osayenda. Batani lofiira lomwe lija silinkamvedwanso.

"Alendi atsopanowa sakuidziwa rimoti," anatero. "Thamanga kumsika ukabwereke mausi."

"Chiyani?"

"Mausi. Mbewa ya kompyuta."

Ndinathamanga ndikubwereza mawuwo pamtima, koma pofika kumsika ndinatsala ndi limodzi lokha. Ndinaima mwaulemu n'kunena kuti achemwali akuti mutibwereke mbewa. Anyamata omwe ankadikira nyimbo zawo anaseka mpaka kugwirana mapewa, wina n'kundifunsa ngati ndikufuna yowamba kapena yaiwisi. Mwini malo anandipatsa kanthu kakuda ka mchira wautali, ndipo ndinabwerera kunyumba nditakagwira kumchirako, kutali ndi thupi.

Ndi mbewayo kamuvi kanayamba kuyenda pa tivi. Achemwali anatsegula fulashi ija. Panabwera maluwa ofiira, dzina la kwaya likuzungulira pang'onopang'ono pamwamba pake. Amayi analuluta. Nthungululu isanathe, magetsi anathima. Kunja kunamveka kudandaula kwa dera lonse nthawi imodzi, mawailesi onse atangoti zii. Magetsiwo anabwera mawa lake ife tili ku Misa, ndipo palibe anaganiza zoyesanso. Tinali titaona maluwa ndi maso athu.

Lamulungu masana nsapato zinadzaza pakhonde. Tinabwereka mabenchi, ena anakhala pa mikeka, ena anatsamira khoma. M'nyumba munkamveka mafuta odzola, thobwa ndi thukuta. Womaliza kufika anali bambo wina wachikulire, wovala jekete ngakhale kunkatentha chonchija, chipewa chili m'manja. Amayi anawapatsa mpando wa abambo, womwe sitinkakhalapo ndi ife tomwe. Ndinafunsa achemwali monong'ona kuti ndi ndani. Anati ndi a Zuze, amuna awo a Mayi Rozina, mayi omwe ankayambitsa nyimbo m'kwayamo koma anamwalira kanemayo asanatuluke. Ndinawakumbukira Mayi Rozina, aafupi, a mpata kumano, omwe mawu awo ankafika mpaka pa benchi yomaliza popanda maikolofoni.

Achemwali anadina. Maluwa anabwera n'kupita. Kenako amayi onse aja anaoneka pa kapinga, mayunifomu ali mbuu, akuyendera limodzi kumanja, kumanzere, manja m'mwamba, pakamwa pakutseguka ndi kutsekeka. Mawu panalibe. Achemwali anakweza tivi mpaka pamapeto, ndipo inangoti sii ngati madzi akuyamba kuwira. Anayamba kufufuza ndi mbewa ija, timabokosi ta Chingerezi tikutseguka pamwamba pa nkhope za anthu.

"Chotsa chimenecho, wanditseka!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Mayi Tomasi, wapampando wa kwaya, anafunsa mokweza kuti, "Kodi tinkajambulitsa nyimbo kapena kutafuna?" Nyumba yonse inaphulika ndi phwete. Amayi anga anasekerera ndi pakamwa pokha, maso ali pansi. Ndinkaganiza kuti mwina ndinakanikiza kwambiri kamtengo kaja n'kubaya pakhosi pa kabokosi. Kenako ndinaganiza kuti mwina alendi atsopanowo samva Chisena.

Ndiye nyimbo yachiwiri inayamba, ndipo nkhope ya Mayi Rozina inadzaza tivi yonse. Anakoka mpweya, kukweza chibwano, kutsegula pakamwa. Kuseka konse kunaduka. A Zuze anasendera kutsogolo kwa mpando, n'kupendeketsa mutu kuti khutu liloze ku tivi.

"Takwezako pang'ono, mwanangu," anatero kwa achemwali. "Makutu angawa ndi akale."

Achemwali anangogwira mbewa ija, osadina. Ndinamva mpando ukulira penapake, mwana akuyamwa. Kenako ndinamva mawu otsika kumbali kwanga. Anali amayi. Maso awo anali pa milomo ya Mayi Rozina, ndipo ankaimba mzere womwe milomoyo inkaumba, atatsalira pang'ono, kenako n'kuupeza. Pofika poyankhira, amayi a pamkeka anayankha. A pabenchi analowa ndi mawu apansi. Mayi Tomasi anayamba kuomba m'manja motsatira mapazi a pa tivi.

Anaimba nyimbo yonseyo, n'kulowa ina, n'kulowanso ina. Nthawi zina ankathamanga n'kumaliza vesi anthu a pa tivi akadali pakati, ndiye ankaseka, kudikirana okhaokha, kuyambanso. Ena ankaseka misozi ikutsika. Ana a m'nyumba zoyandikana anadzaza pawindo mpaka m'nyumba munada. A Zuze ankagunditsa chipewa pabondo, maso osachoka pa tivi. Ine ndinkayang'ana uku ndi uku, kufuna munthu woti andiuze ngati zinthu zatheka kapena zalephereka. Pochoka, a Zuze anagwira dzanja la achemwali ndi manja awiri n'kunena kuti, "Makina anuwa ndi abwino." Achemwali anapita kukhitchini kukalira, ndipo nditawatsatira anandithamangitsa.

Lolemba achemwali anapeza chomwe chinavuta. Sisitimu yatsopanoyo inkatumiza mawu ku kabowo kakumbuyo kaja, komwe kanalinso potulukira mawu, m'malo mwa waya wopita ku tivi. Anadina pamalo amodzi, mawu n'kubwera. Tinaonera atatu. Amayi anamvetsera mpaka pamapeto, n'kunena kuti dzulo anaimba bwino kuposa pamenepa. Tinachotsa khadi, zakale zija zinadzuka monga achemwali ananenera, ndipo abambo atafika anapeza rimoti yawo ikugwira ntchito. Koma nkhani ya ku Zingwangwa siigona. Lamulungu lotsatira, pobwera kutchalitchi, abambo anaima pakhomo n'kunena kuti, "Ndamva kuti kabokosi kanga kakuimbitsa kwaya masiku ano." Anaitana achemwali n'kuwauza kuti abwezeretse zatsopano zija, aone nawo.

Pano ndine mayi wa pakhomo panga ku Chilomoni. Foni yanga imatsegula kanema aliyense popanda kufunsa mtundu wake, ndipo tivi yathu imadzisintha yokha zam'kati n'kungotiuza itamaliza. Ndinganame ndikati ndimamvetsa momwe zimachitikira. Kwaya ya amayi imajambulitsabe. Kanema amatuluka sabata yomweyo, mawu ake omveka bwino, ndipo amafika pa foni ya aliyense nthawi imodzi, moti palibenso wobwereka mabenchi. Mwezi watha ndinapita kukawaona amayi. Ndinawapeza pakhonde ali okha, magalasi ali pamphuno, timawaya tili m'makutu, akuyang'ana foni. Milomo yawo inkayenda, koma mawu osatuluka. Ndinaima pageti ndi jumbo yanga ya buledi, osadziwa ngati ndiodire kapena ndiwasiye amalize vesi.